Funsani a Sakala: Mwana akutentha, koma kachipangizo kati alibe malungo

Mwa makalata omwe ndalandira mwezi uno, anayi akukamba chinthu chimodzi: kachipangizo koyera kaja, kotalika ngati chala, komwe anesi amadonthezerapo magazi akakubayani pachala. Ndi koyezera malungo, ife achipatala timakatcha RDT. Mvula yakhazikika, madambo adzaza, ndipo pa kiliniki iliyonse kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi amayi obereka ana otentha thupi akumafika dzuwa lisanatuluke. Ndiyamba ndi Amake Tiyanjane, chifukwa funso lawo ndalimvapo kambirimbiri pa zaka zonse zomwe ndinagwira ntchito m'zipatala za kumudzi.

FUNSO: A Sakala, mwana wanga wa zaka zitatu anatentha thupi usiku wonse, phala osadya, kumangolira. M'mawa ndinamubereka mpaka ku kiliniki. Anamubaya pachala, patapita kanthawi anesi anati alibe malungo, nandipatsa panado basi. Apongozi anga akuti kachipangizoko kananama, iwo alera ana asanu ndi atatu ndipo malungo amawadziwa ndi dzanja. Akuti ndikagule Coartem pa kantemba. Ndimvere yani? Amake Tiyanjane, Katete.

YANKHO: Amayi, Coartem wa pa kantembayo musagule. Koma apongozi anu musawanyoze, chifukwa vuto lagona pa liwu lenilenilo lakuti malungo. M'chinenero chathu, munthu akatentha thupi, akaphwanya m'mafupa, akamanjenjemera ndi kumva mutu, timati ali ndi malungo. Malungo amenewo dzanja la agogo limawadziwadi, ndipo mwana wanu anali nawo. Koma anesi akamati malungo amanena matenda amodzi okha, maleliya, oyamba ndi tizilombo tomwe udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles umasiya m'magazi ukaluma. Kuno ku Zambia pafupifupi maleliya onse amachokera ku kachilombo kamodzi kotchedwa Plasmodium falciparum. Coartem amapha kachilombo kameneka. Chibayo sachiza, mafinya a m'khutu sachiza, zilonda zapakhosi sachiza, chikuku sachiza, chonsecho matenda onsewa amatenthetsa mwana chimodzimodzi.

Kachipangizoko kamagwira ntchito motere. M'kati mwake muli kapepala kopakidwa mankhwala. Tizilombo ta maleliya tikamakhala m'magazi timatulutsa puloteni ina yotchedwa HRP2. Kadontho ka magazi kakamayenda m'kapepalamo mokankhidwa ndi timadzi ta m'kabotolo kaja, mankhwalawo amagwira puloteniyo ndipo pamatuluka mzere. Mzere wa pa C umangosonyeza kuti kachipangizo kagwira bwino ntchito. Mzere wachiwiri, wa pa T, ndiwo ukunena kuti puloteni ya tizilombo yapezeka. Anyamata okumba mbewa m'mwezi wa Julayi sayamba aona mbewa. Amaona dothi lofukulidwa pakhomo pa una, nadziwa kuti muli mwini wake. RDT nayonso siona kachilombo, imaona zomwe kachilomboko kataya m'magazi.

Ndinayamba ntchito nthawi yomwe tizipangizoti kunalibe. Pa kachipatala kena ka kuchigwa komwe ndinakhala zaka zingapo kunalibe magetsi, maikulosikopu yathu, makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, inali yowalitsira ndi kagalasi koloza dzuwa, ndipo kukachita mitambo tinkangosiya. Aliyense wotentha thupi tinkamupatsa kolorokwini. Ndikukumbukira kamtsikana kena ka msinkhu wa mwana wanuyu. Kanabwera kawiri sabata imodzi, kawiri konse tinalemba maleliya. Ulendo wachitatu kanabwera nthiti zikulowa m'kati pokoka mpweya, ndipo m'pamene tinazindikira kuti n'chibayo. Kanapulumuka, koma movutikira, ndipo masiku asanu ndi limodzi omwe tinataya aja amandiwawabe mumtima. Pamene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2010 kuti aliyense woganiziridwa maleliya aziyamba wayezedwa magazi asanapatsidwe mankhwala, ine ndinaona nkhope ya kamtsikana kaja. Ubwino waukulu wa RDT ndi umenewu: pa mphindi 15 kapena 20, popanda magetsi, popanda labu, ngakhale pansi pa mtengo wa mango, imakuuzani ngati muyenera kuyang'ana kwina.

Ndipo pamenepa ndili ndi mawu kwa anzanga achipatala. Kunena kuti "alibe malungo" n'kupereka panado si kumaliza ntchito. Mayi wayenda makilomita angapo ndi mwana wotentha kumsana. Mukamuuza kuti mwana alibe kanthu, iye akudziwa kuti si zoona, ndiye akatuluka apita pa kantemba. Mzere umodzi ukatuluka, m'pamene ntchito ikuyamba: kuvula mwana malaya n'kuwerenga kapumidwe, kusuzumira m'khutu ndi kukhosi, kuona khungu, kufunsa za mkodzo ndi chimbudzi, kupinda khosi kuona ngati lauma. Ndikudziwa kuti mzere wa odwala panja ndi wautali ndipo nesi ali yekha. Komabe mphindi zitatu zimenezo n'zomwe zimasiyanitsa kuyeza magazi ndi kuona wodwala.

Kodi kachipangizo kangaphonye maleliya omwe alipodi? Inde, nthawi zina. Kuti mzere utuluke bwino pamafunika tizilombo pafupifupi 100 mpaka 200 mu maikulolita imodzi ya magazi, komwe ndi kadontho kochepa kuposa mutu wa singano. Matenda akangoyamba kumene, tizilombo tingakhale tisanachuluke kufika pamenepo, mawa lake n'kukhala titachuluka. N'chifukwa chake yankho la lero silitseka khomo. Ana ambiri otentha thupi opanda maleliya amakhala ndi mavairasi a chimfine omwe amatha okha pa masiku awiri kapena atatu, ndipo panado, madzi akumwa ndi kuyamwa zimakwanira. Koma thupi likapitiriza kutentha masiku awiri, bwererani akamuyezenso, musachite manyazi. Ndipo musadikire masiku awiriwo ngati mwana akukana kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akuphupha, walefuka moti sakudzuka bwino, zikhatho zayera, kapena akupuma mothamanga. Kapumidwe mungawerenge nokha ndi wotchi ya pa foni mwana ali phee: wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika 40 pa mphindi imodzi, nyamukani ngakhale ndi usiku. Apongozi anu atengeni pa ulendowo, akaone okha mzere ukutuluka kapena kusatuluka. Ndaona agogo ambiri akusintha maganizo ataima pambali pa tebulo.

FUNSO: Ine ndinapezeka ndi malungo, mizere iwiri yooneka bwino. Ndinamwa Coartem yense. Patatha masiku khumi ndinali wofookabe, khasu likundilemera, ndiye ndinakayezetsanso pa sitolo ina ya mankhwala. Mizere iwiri inatulukanso, nandigulitsa Coartem wina. Kodi mankhwala a masiku ano ndi abodza, kapena malungo anga ndi osamva mankhwala? Bambo Phiri, mlimi wa nsawa, Chadiza.

YANKHO: Bambo Phiri, bwererani ku una wa mbewa uja. Mbewa ikagwidwa, dothi la pakhomo silichoka tsiku lomwelo. Puloteni ya HRP2 imatsala m'magazi tizilombo titafa kale, kwa masabata awiri, atatu, mwa ena kupitirira mwezi, makamaka ngati tizilombo tinali tambiri. Choncho munthu wochira bwinobwino akayezedwa ndi RDT pa tsiku la khumi, mizere iwiri ingatuluke ndithu. Ichi ndi chofooka chachikulu cha tizipangizo ta HRP2, ndipo wokugulitsani mankhwala uja anayenera kuchidziwa. RDT siyezera kuchira.

Chomwe chikanayankha funso lanu ndi maikulosikopu. Wa mu labu amapaka magazi pa kagalasi, nawathira utoto, n'kuona tizilombo tenitenito ndi maso. Amatha kutiwerenga, kunena ngati ndi tambiri kapena tochepa, ndiponso mtundu wake. RDT siwerenga, mzere wakuda kwambiri sutanthauza kuti mwadwala kwambiri, ndipo wotuwa sutanthauza kuti matenda ndi ochepa. Zipatala zazikulu monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete, komanso zipatala za m'maboma, zili ndi malabu otere. Lamulo lomwe timatsata n'lakuti munthu akadwalanso pasanathe masiku 28 chimwereni Coartem, timafuna kagalasi. Tizilombo tikaoneka, timaganiza kuti mankhwala oyamba aja sanamalize ntchito ndipo timasintha mtundu wa mankhwala, osati kubwereza omwewo.

Mankhwala akalephera, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala pa kamwedwe. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposa amamwa mapiritsi anayi nthawi imodzi, kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, onse pamodzi 24. Achiwiri amamwedwa patatha maola 8, otsalawo m'mawa ndi madzulo. Chomwe ambiri sauzidwa n'chakuti Coartem amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi chakudya chamafuta. Inu ndinu mlimi wa nsawa, mankhwala othandizira muli nawo m'nkhokwe: phala la nsinjiro, ndiwo zotendera, chiponde, kapena kapu ya mkaka. Kumwa ndi madzi okha pamimba yopanda kanthu kumachepetsa mphamvu yake. Ndipo mukasanza mutangomwa kumene, mapiritsi amenewo musawawerengere, kawauzeni achipatala. Tiwasamale mankhwalawa. Dziko lathu linali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kusiya kolorokwini n'kutenga Coartem kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, chifukwa kolorokwini anali atasiya kupha tizilombo. Kumwa mwachisawawa ndi kumwa theka n'kumene kumaphunzitsa tizilombo kupirira.

Kufooka kwanu n'kutheka kuti ndi kuchepa kwa magazi, chifukwa maleliya amaswa maselo ofiira ndipo thupi limatenga masabata kuti libwezere. Pemphani akuyezeni mlingo wa magazi. Koma pali chinanso chomwe ndikufuna owerenga onse amve. Ife akuluakulu okulira kumalo a udzudzu, ambiri timayenda ndi tizilombo tochepa m'magazi osadwala. Munthu wotere akagwidwa ndi taifodi kapena matenda oumitsa khosi, RDT ingaonetse mizere iwiri, ndipo aliyense n'kukhutira kuti chapezeka. Mizere iwiri imati tizilombo tadutsamo. Sinena kuti palibe matenda ena. Mukamwa Coartem masiku atatu thupi osazizira, musagule wina, bwererani akakufufuzeni.

FUNSO: Ndine wothandiza za umoyo wa m'mudzi, ndinaphunzitsidwa kuyeza ndi kupereka mankhwala. Nthawi zina mzere wachiwiri umatuluka wotuwa kwambiri. Nthawi zina ndimauza munthu kuti alibe, koma ndikamasonkhanitsa zinyalala madzulo ndimapeza mzere watuluka. Komanso kuno kumatentha zedi, bokosi ndimasunga m'nyumba yamalata. Ndikulakwitsa pati? Mayi Zulu, Mambwe.

YANKHO: Mayi Zulu, poyamba zikomo chifukwa cha ntchito yanu. Ana ambiri a kuchigwa ali moyo lero chifukwa wina ngati inu anali ndi bokosi pafupi pamene mitsinje inadzaza n'kutseka njira ya ku kiliniki.

Mzere wotuwa, ngati watuluka m'kati mwa nthawi yolembedwa pa kapepala ka m'bokosi, ndi mzere ndithu, perekani mankhwala. Werengerani powala, panja, osati m'nyumba yamdima. Koma mzere womwe mwaupeza madzulo usakuvutitseni mtima ndipo musautsate. Kapepala kakauma kamatha kujambula mzere wabodza. Nthawi yowerengera imasiyana malinga ndi kampani, choncho bokosi latsopano likabwera werengani kapepala kake, ndipo lembani nthawi pa kachipangizo penipenipo ndi bolopeni mukangothira timadzi. Kufulumira nakonso n'koipa: pa mphindi zisanu mzere wa munthu wa tizilombo tochepa umakhala usanatuluke. Mzere wa pa C ukapanda kutuluka, tayani, tsegulani kena, kaya pa T pali chiyani.

Magazi akhale a muyezo wa kotengera kake, pafupifupi mamaikulolita 5. Mukachulutsa, kazenera kamafiira n'kubisa mzere. Timadzi ta m'kabotolo tikatha musathire madzi a pa mjigo, kapena timadzi ta bokosi loyezera HIV. Ndaonapo izi zikuchitika ndipo yankho lake limakhala losadalirika.

Za nyumba yamalatayo, nkhawa yanu ndi yoona. Kutentha ndi chinyezi zimaononga mankhwala a m'kapepala. Pa bokosi lililonse pamalembedwa malire a kutentha, ena madigiri 30, ena 40, ndipo pansi pa malata ku Mfuwe m'mwezi wa Okutobala malire amenewo amapitirira. Nyumba yaudzu ndi yabwino kuposa yamalata. Ikani bokosi pamalo amthunzi, kutali ndi denga ndi moto wa kukhitchini, osati pakaliyala ya njinga padzuwa tsiku lonse. Kathumba kake musakang'ambe mpaka wodwala atakhala pansi, ndipo onani tsiku lothera ntchito.

Popeza muli kuchigwa cha Luangwa, ndikuuzeni chomwe chinandichitikira. Bambo wina wopha nsomba anabwera akutentha thupi, mutu ukumuwawa koopsa. RDT mzere umodzi. Anabweranso, mzere umodzi. Abale ake anali atamumwetsa kale Coartem wogula, osasintha. Ulendo wachitatu ndinaona chilonda chotupa paphewa, iye nati anamuluma kashembe masabata apitawo. Tinatumiza magazi ku labu, ndipo pa kagalasi panaoneka tizilombo ta kaodzera tikuphiriphitha pakati pa maselo. Kachipangizo kananena zoona katatu konse, kuti si maleliya. Ife ndi amene tinachedwa kufunsa kuti nanga n'chiyani. Kaodzera wa kuno amathamanga, amapha pa masabata kapena miyezi yochepa akapanda kuchizidwa. Wotentha thupi wochokera kumalo a kashembe, mzere ukakhala umodzi kawiri, mulembereni kalata yopita ku chipatala chokhala ndi maikulosikopu, ndipo lembanimo za kulumidwako. Komanso wodwala kwambiri, wokomoka kapena wosatha kumwa, mutumizeni msanga osayang'ana kuti mizere ndi ingati. Maleliya aakulu amafuna jakisoni wa artesunate, osati mapiritsi.

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti kuli tizilombo ta malungo tatsopano tomwe timabisala, kachipangizo osationa. Ndi zoona? Aphunzitsi a Nyirenda, Lundazi.

YANKHO: Ndi zoona, aphunzitsi, ngakhale liwu lakuti kubisala likukometsa nkhani. Pali tizilombo ta falciparum tomwe tinataya chibadwa chopangira puloteni ya HRP2. Timadwalitsa ngati tinzake, Coartem amatipha ngati tinzake, koma pakhomo pa una sipakhala dothi, ndiye kachipangizo kofunafuna HRP2 kamaonetsa mzere umodzi. Izi zinalengezedwa koyamba ku Peru m'chaka cha 2010. Ku Eritrea achipatala anadabwa kuona odwala ambiri omwe pa kagalasi tizilombo tikuoneka koma RDT ikukana, ndipo mu 2016 dzikolo linasiya tizipangizo ta HRP2. Ku Ethiopia ndi ku Djibouti vutoli lapezekanso kwambiri. WHO imalangiza kuti dziko lisinthe mtundu wa RDT ngati odwala falciparum opitirira 5 pa 100 alionse akuphonyedwa chifukwa cha zimenezi. Tizipangizo tosinthira tilipo, timafunafuna chinthu china chotchedwa pLDH, chomwenso chimatha msanga m'magazi tizilombo tikafa.

Palinso mitundu ina ya maleliya, malariae ndi ovale, yomwe kuno imapezeka mwa apo ndi apo. Iyi sipanga HRP2 n'komwe, choncho kachipangizo ka falciparum yekha sikaiona. Maikulosikopu ndiyo imaigwira.

Nkhani ya pa wailesiyo isakhale chifukwa chokanira yankho la ku kiliniki. Mzere umodzi wabodza umabwera kawirikawiri chifukwa cha zinthu zapafupi zomwe ndauza Mayi Zulu, kutentha, kufulumira kuwerenga, magazi ochuluka, kapena tizilombo tomwe tisanachuluke. Ku Eritrea omwe anatulukira vutoli ndi anthu a m'zipatala omwe anadandaula atakumana ndi zosagwirizana. Kwa anzanga a mu labu kuno kum'mawa: mukaona falciparum pa kagalasi pomwe RDT yakana, bwerezani ndi kachipangizo ka m'bokosi lina. Ikakananso, sungani kagalasiko, lembani nambala ya bokosi ndi tsiku lothera ntchito, donthezeraninso magazi pa kapepala koumitsira ngati muli nako, ndipo dziwitsani ofesi ya zaumoyo ya boma lanu kuti uthenga ukafike ku National Malaria Elimination Centre ku Lusaka.